Maliro a Anangozo Sagulitsa

Mukafika kunyumba kwa Eness Kafere ku Canning Vale, kunja kuno mumzinda wa Perth, muziyang'ana pansi polowa kukhitchini, apo ayi mupunthwa chala pa imodzi mwa mphoto zikuluzikulu zimene wochita zisudzo angalandire m'mafilimu a dziko lino. Ndi chitsulo chonyezimira, chotalika ngati botolo la mafuta ophikira, ndipo ntchito yake m'nyumbamo ndi kutchinga chitseko kuti chisamenyeke mphepo ya kunyanja ikayamba masana. Alendo amakonda kuchinyamula n'kujambulitsa nacho. Eness sawaletsa. Amangowauza kuti akamaliza achibwezere pamene anachipeza, chifukwa chitsekocho chikamenyeka chimagwetsa kalendala.

Ena amati ndi matama, ena amati ndi kusayamika. Onsewo amalankhula chifukwa pakamwa salipira msonkho, nkhani ya chitsulocho sakuidziwa.

Eness anabadwira kufupi ndi Bembeke ku Dedza, mwana wachitatu wa Anangozo, mayi amene analera ana asanu ndi mbatata ya kachewere yogulitsa m'mbali mwa msewu. Zisudzo anaziyamba asanadziwe n'komwe kuti zili ndi dzina. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ankatha kuyenda ngati akatekisiti, kutsokomola ngati akatekisiti, mpaka tsiku lina amayi awiri anasiya miseche yawo kuseri kwa mpanda n'kuyamba kuimba nyimbo ya tchalitchi, kuyesa bambowo afika. Anangozo anamukwapula, koma ankakwapula uku akuseka, ndiye chikwapu chake sichinaphunzitse munthu kanthu.

Atakula, Eness anaphunzira unamwino ku Lilongwe, nakwatiwa ndi Goodwill, nabereka mwana mmodzi, Aleke. Mu 2014 banjali linasamukira ku Perth. Goodwill anapeza ntchito yoyendetsa kagalimoto konyamulira makatoni a ndiwo zamasamba pamsika waukulu wa ku Canning Vale, Eness analowa ntchito kunyumba yosungirako okalamba. Koma chibadwa sichitsalira pabwalo la ndege. Posakhalitsa Eness anapeza kaganyu kamene kanali ngati anachita kumusokera. Lachinayi lililonse amakwera basi kupita ku Nedlands, kuchipatala chachikulu chophunzitsirako madokotala, kukadwala matenda amene alibe.

Ntchito yake imayenda chonchi: amamupatsa pepala lonena kuti lero ndiwe wakutiwakuti, ukudwala chakuti, ndipo ophunzira amalowa mmodzimmodzi kudzamuyeza ngati wodwala weniweni. Eness wakhalapo mayi wa sitiroko, loya wobisa chotupa cha m'bere, chidakwa cholumbira kuti sichinalawe ngakhale dontho chiyambire Pasaka, ndi gogo wokana mankhwala chifukwa abusa anamupempherera. Ana a eni ake amatuluka m'chipindamo thukuta lili kamukamu. Mphunzitsi wina wa kumeneko ndi amene anamutsina khutu kuti anthu a mafilimu akufuna mayi wachikuda, ndipo Eness anayamba kupeza timagawo ting'onoting'ono: namwino wodutsa pakhonde, mayi wodikira basi.

Anangozo anamwalira mu Julaye 2021, malire a dziko ali otseka chifukwa cha mliri. Ndege kunalibe. Mwambo wa maliro Eness anauonera pafoni, atakhala m'galimoto kuseri kwa nyumba ya okalamba ija. Pamene bokosi linkatuluka m'nyumba ku Bembeke, ku Perth inali ikukwana faifi koloko madzulo, nthawi yodyetsa agogo. Chithunzi chinauma, kenaka chinazima. Eness anapukuta foni pa yunifomu, nalowa, nayamba kudyetsa mayi wina wa zaka makumi asanu ndi anayi supu wa maungu, sipuni imodzi imodzi. Sanalire. Kwa eni ake, pakati pa anthu osadziwa ngakhale dzina la malemu, ukanayambira pati? Kulirako kunangokhala m'chifuwa ngati mbatata yomeza yosatafuna.

Patapita miyezi isanu anapatsidwa gawo lalikulu koyamba, mufilimu ya mnyamata wina wachizungu dzina lake Ezra, amene ankatsogolera filimu yake yoyamba. Eness anali mayi wothawa nkhondo amene mwana wake wafa. Papepala analemba mawu awiri okha, akuti mayi akulira. Ezra ankayembekezera timisozi tiwiri totsika mwaulemu patsaya, ngati mmene amalirira kuno, uku akupepesa kuti asokoneza anthu.

Koma atabweretsa bokosi, bokosi lopanda kanthu logula kwa kalipentala, chinthu chija chinali m'chifuwa chinasweka. Eness anaika manja kumutu, nayamba kuzungulira bokosilo mmene amachitira amayi a kwawo, nalira m'Chichewa mokweza, mosaona kamera, mosaona munthu.

"Mayi wanga ine! Anangozo inu! Mwapita osandidikira! Ine ndimadyetsa amayi a eni ake, anga akutuluka m'nyumba komaliza! Anakusambitsani ndani, mayi? Anakutsekani maso ndani?"

Analira mphindi zinayi. Ojambula nawo analira. Ezra sanabwerezenso chigawocho, ndipo palibe ngakhale mmodzi anafunsa kuti mawuwo akutanthauza chiyani. Filimu itatuluka, pansi pa chithunzi panali kamzere kamodzi: akulira m'chinenero cha kwawo.

Chaka chotsatira anamuitanira ku Sydney, namuveka diresi lobwereka, natchula dzina lake molakwitsa pamaso pa anthu mazanamazana, namupatsa chitsulo chija. Tisanamizane, tsiku limenelo Eness anakondwa, anakondwa mpaka kuvina pamasitepe. Amalawi a ku Perth anachita phwando muholo ya tchalitchi, anzawo a ku Zambia anabwera ndi mapoto awo, aliyense akuti, "Mayi Kafere, mukakafika kumeneko musakatiiwale." Goodwill anaonetsa chithunzi kwa aliyense pamsika, ngakhale kwa madalaivala a malole amene sanamufunse. Eness anapezanso mzimayi wachizungu dzina lake Debbie, womufunira ntchito za m'mafilimu, amene anamulonjeza kuti tsopano azichita kusankha.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sanaombe m'manja. Mkulu wake wa Eness, a Consolata, anaona kachidutswa ka filimuyo pafoni ku Bembeke, naimba.

"Eness, ndamva dzina la mayi pakanema. Manda awo sunawaone, koma maliro awo wawalirira azungu pa bokosi lopanda munthu. Kwathu kuno kulira maliro pamene palibe mtembo n'kuitana imfa, waiwala? Bwera udzalire pamene agona."

Eness analonjeza kuti abwera mu Disembala. Koma Debbie anati asapite kutali, anthu akadamukumbukira, foni ikhoza kulira tsiku lililonse. Disembala ameneyo anadutsa, winanso anadutsa, Eness ali chidikirire pafupi ndi foni.

Foniyo inkalira ndithu, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'zaka zitatu anamuitana kakhumi ndi kamodzi. Kasanu ndi kanayi kanali kokalira. Mayi wothawa nkhondo wolira m'boti. Mayi wokolopa m'maofesi wolira kumochale. Mayi wolira pa uthenga wopempha chithandizo cha kumayiko a njala, ameneyo analibe n'dzina lomwe, papepala anangoti Mayi Wolira. Timagawo tija ta namwino wodutsa pakhonde tinasiya kubwera, ati tsopano ndi munthu wamkulu, angachite naye manyazi. Magawo akuluakulu, a woweruza milandu, a wapolisi, a mkazi wokondedwa ngakhale wa mbava, ati dzina lake silinafike pokoka anthu. Anakulira zazing'ono, nachepera zazikulu. Pamene mtsikana wachizungu amene anasewera naye mufilimu ija, amene sanalandire ngakhale kapu ya pulasitiki, anali atawoloka kale nyanja, lero ndi kazitape, mawa ndi mfumukazi.

Kamodzi Eness anavomera, gawo la mayi wa m'boti uja. Analira mwaluso, ndi mawu opeka, dzina la mayi ake osalitchula. Wotsogolera filimuyo anapukusa mutu, nati sizikufanana ndi zija, akufuna zija zenizenizo. Apo m'pamene Eness anazindikira chimene anthuwa ankagula. Sankafuna luso lake ayi. Ankafuna kuti azifukula Anangozo nthawi iliyonse imene kamera yayaka. Atafika kunyumba tsiku limenelo anachotsa chitsulo chija pamwamba pa kabati n'kuchiika pakhomo la khitchini.

Chaka chino mu Okutobala Debbie anaimba mawu ali m'mwamba. Ezra, amene tsopano anali munthu wotchuka chifukwa cha filimu yomwe ija, ankakonza sewero la pa TV la zigawo zisanu ndi zitatu, lojambulira konkuno ku Perth, ndipo ankafuna Eness. Gawo lake linali la mayi amene mwana wake wafera m'chipatala m'chigawo choyamba. Mayiyo alira pakhonde, basi, osadzaonekanso. Debbie sanabise mawu. Anati wakhala akumukanira anthu kwa zaka zitatu, ndipo akakana ili, sangapitirize kumusunga pamndandanda wake. Popanda munthu ngati Debbie, ku mafilimu sulowako.

Eness anawerenga sewero lonselo, osati tsamba lake lokha. M'menemo munali munthu wina, mkulu wa chipatala chopekacho, mayi wanzeru, waulemu, wabodza ngati njoka, amene amabisa cholakwa cha madokotala kuyambira chigawo choyamba mpaka chomaliza. Papepala sanalembe kuti akhale wa khungu lanji. Eness anamukonda mayi ameneyo ndi mtima wonse. Analoweza mawu ake onse m'basi ya ku Nedlands.

Goodwill, munthu wa mtendere, anayesa kumunyengerera akuchotsa nsapato za kuntchito pakhomo.

"Amayi a Aleke, walira mvula walira matope. Kangolirani kamodzi kokha, mulowe kaye. Zinazo muzikakamba muli m'kati."

"Ndinalowa kale, bambo a Aleke. Chitsulo icho mwatsala pang'ono kuchiponda ndi umboni woti ndinalowa. Ndinapezamo chiyani m'katimo?"

"Koma mukakana, ndiye kuti basi. Ndipo inu zisudzo mumazikonda, ndimakuonani."

"Ndimazikonda, n'chifukwa chake zikundiwawa. Mukanakhala inu, mayi anu mukanawagulitsa kangati?"

Goodwill ananyamula nsapato zake n'kulowa.

Lachiwiri m'mawa Eness anakwera sitima kupita m'tauni, nakwera chikepe mpaka ofesi ina yam'mwamba yoyang'ana kumtsinje. Munali Ezra, Debbie, ndi mayi wina wogwira kamera. Ezra anamukumbatira ngati mbale wake, ndipo chikondi chakecho sichinali chabodza, ndicho chinkapweteka kwambiri. Anamupatsa madzi m'kapu, nayamba kukamba pa Chizungu.

"Sitikuyesa ngati ungathe, Eness. Tikungofuna eni ndalama aone. Ungochita zomwe zija unachita tsiku lija."

"Ndabwera kudzayesa gawo la mkulu wa chipatala," anatero Eness. "Mawu ake ndaloweza onse. Ndagwira ntchito ndi mabwana otere zaka makumi awiri, ndimadziwa mmene amamwetulira."

Ezra anayang'ana Debbie, Debbie anayang'ana zikhadabo zake.

"Gawo limenelo ndi lovuta," anatero Ezra mofatsa. "Limafuna munthu amene anaphunzira ntchitoyi. Iwe mphatso yako ndi ina, ndi yachibadwa. Chisoni chija sichiphunziridwa, chili m'magazi mwanu anthu inu. N'chimene dziko linakukondera."

Mawu amenewo anamulasa Eness kuposa chipongwe chilichonse chimene anamvapo kuno. Zaka khumi za Lachinayi, anthu oposa makumi anayi amene anawavala n'kuwavula ngati malaya, ndiye mwana uyu akuti si ntchito, ndi magazi. Anapsa mtima mpaka anamva kuzizira.

"Ezra, munafunsapo kuti tsiku lija ndinkanena chiyani?"

"Sizinafunike. Aliyense anamva tanthauzo lake mumtima."

"Chabwino. Ndiye ndikuuzeni kuti ine ndi..."

Mawu anathera panjira. Kapu inapulumuka m'dzanja lake lamanja n'kugwa, madzi anamwazika pakapeti. Mlomo wa mbali yakumanja unatsika, tsaya linalendewera, malovu anayamba kudontha. Anayesa kulankhula koma lilime linkangokokeka, kutuluka phokoso lopanda mawu. Maso ake anadzaza mantha a munthu amene thupi lake lamuthawa. Anapendekeka, natsetsereka pampando, nagwera pansi cha m'mbali.

Debbie anakuwa. Mayi wa kamera uja anasiya kamera n'kuthamangira kuchitseko kukaitana anthu. Ezra anagwada, akumuitana dzina, akumupempha kuti akweze mikono. Wamanzere unakwera, wamanja unangogwa ngati chingwe chonyowa.

"Ndi sitiroko! Debbie, imba ambulansi, fulumira!"

Eness ndi namwino, sakanalola ambulansi kuvutikira bodza pamene wina akuifuna zenizeni. Ataona chala cha Debbie chafika pafoni, anadzuka. Anatenga kansalu m'chikwama, napukuta pakamwa, nakonza siketi, natola kapu ija n'kuiika patebulo.

"Isiye foniyo, Debbie. Ndili bwinobwino."

Ezra anali chigwadire, kukamwa kuli yasa.

"Izi mwaonazi ndiye zisudzo," anatero Eness. "Ndinaziphunzira, ndimazichita Lachinayi lililonse, ndipo madokotala amakhulupirira monga mwakhulupirira inumu. Zija munandipatsira mphoto sizinali zisudzo. Anali maliro a mayi anga. Dzina lawo ndi Anangozo. Ndinkawafunsa kuti anawasambitsa ndani, anawatseka maso ndani, chifukwa pamene ankawatulutsa m'nyumba ine ndinali kuno, ndikudyetsa mayi wa mnzanu supu. Inu munalemba kuti akulira m'chinenero cha kwawo. Mwadyerapo zaka zitatu, zakwana. Mukafuna munthu wodziwa ntchito, nambala yanga muli nayo. Mukafuna maliro, kaikeni anu."

Ezra anayamba kupepesa, misozi ili m'maso, akuti sankadziwa. Eness anamuyankha kuti kusadziwa si mlandu, koma kusafunsa. Ananyamula chikwama n'kutuluka.

Musaganize kuti anatsika chikepecho akuimba nyimbo. Ankadziwa kuti watseka chitseko chimene anachilota kuyambira ali kuseri kwa mpanda ku Bembeke, ndipo zinamuwawa kwambiri. Anakhala pabenchi pasiteshoni, sitima ziwiri zinamudutsa. Koma chifuwa chinali chopepuka, koyamba m'zaka zinayi.

Amene amakonda nkhani zothera bwino akanafuna kumva kuti Ezra anaimba mawa lake n'kumupatsa gawo la mkulu wa chipatala. Sanaimbe. Anatumiza maluwa, ndipo gawolo analipereka kwa mzungu wina wa ku Sydney. La mayi wolira pakhonde anapeza mayi wina wachikuda, pakuti amayi ofuna polowera ndi ambiri ndipo palibe angawadzudzule. Debbie analemba kalata yaulemu kwambiri yomufunira zabwino zonse. Lachinayi lotsatira Eness anakwera basi yake ya ku Nedlands, nakakhala woweruza milandu wopuma pantchito amene akuchita manyazi kuuza dokotala wachitsikana kuti akuvutika kukodza. Ophunzira atatu analephera mayeso pa iye, wachinayi anamuthokoza.

Tsopano popeza panalibenso foni yoidikira, anapempha tchuthi kuntchito.

Anafika ku Bembeke mu Disembala, mvula itagwa, chimanga chili m'mawondo. Kwawo munthu amene sanapezeke pa maliro salowa m'mudzi ngati mlendo wamba, akupereka moni ndi kugawa maswiti. Eness anauza woyendetsa galimoto kuti aime pamsewu. Anatsika, namanga chitenje, navula nsapato, nayamba kuyenda kanjira kolowera kwawo. Ataona denga la nyumba ya mayi ake, anaika manja kumutu.

"Mayi wanga ine! Anangozo inu! Ndabwera, mayi, ndachedwa!"

A Consolata anatuluka m'nyumba akuthamanga, namulandira ndi kulira kwawo. Amayi a m'mudzi anasiya makasu m'minda, nabwera mmodzimmodzi, namugwira m'mapewa mbali zonse, ndipo gulu lonse linatsika naye kumanda likulira. Panalibe womuuza poyambira, panalibenso womuuza kuti basi zakwana.

Atafika pamtumbira, mlamu wake, mwamuna wa a Consolata, anatulutsa foni n'kuikweza. Sanali ndi cholinga choipa. Si tsiku lililonse munthu wa pakanema amalira pamaso pako, ndipo anzake akanafuna kuona.

Eness anamuona kudzera m'misozi. Anatambasula dzanja, lomwe lija linagwa ngati chingwe ku Perth, n'kuphimba foniyo.

"Tsitsani, alamu," anatero. "Awa sagulitsa."

Kenaka anagwada padothi lonyowalo, napitiriza kuwauza mayi ake zonse.